Funsani Azakhali: Ndikufuna kudziwa za Wicca, ndiyambire buku liti?

Azakhali, ndakhala ndikumva za chipembedzo china chomwe chinayambira kuno ku England chomwe amati Wicca. Mnzanga wakuntchito ndi wa chimenechi ndipo ndi munthu wabwinobwino, wofatsa, osati mmene ndinkaganizira nditangomva kuti eniake amadzitcha afiti. Ndinayesa kufufuza pa intaneti koma mutu wangozungulira, mabuku ndi ambirimbiri ndipo aliyense akunena zake, wina akuti ndi chipembedzo chakale kuposa zonse, wina akuti chayamba dzanadzanali, wina akuti popanda gulu sungakhale wa Wicca, wina akuti ungathe wekha kuchipinda kwako. Chingerezi ndimawerenga bwino koma ndalama zogulira mabuku khumi ndilibe. Ndiyambire pati? — Wofuna kudziwa, Leeds

Mwana wanga, mutu wanu uli bwinobwino, mabukuwo ndi amene amakanganadi okhaokha. Nde musanagule lililonse, tsegulani kaye tsamba lija la kumayambiriro lomwe tonse timangolidumpha, muone chaka chomwe bukulo linatuluka koyamba. Pa nkhani ya Wicca chaka chimenecho chimakuuziranitu theka la zomwe mukapeze mkatimo.

Chifukwa chake nchoti munthu amene anatulutsira chipembedzochi poyera, Gerald Gardner, anabwera ndi nkhani yomwe anthu anaikhulupirira zaka zambiri. Bamboyu anabadwa mu 1884, anagwira ntchito ku Ceylon (lero Sri Lanka) ndi ku Malaya (lero mbali ya Malaysia), poyamba m'minda ya tiyi ndi ya labala kenako m'boma la atsamunda, ndipo atapuma pa ntchito nkubwerera kwawo ananena kuti mu 1939 gulu lina la ku New Forest, kumwera kwa England, linamulowetsa m'chipembedzo chachinsinsi chomwe akuti chinapulumuka kuchokera kalekale Chikhristu chisanafike. Nthawi imeneyo lamulo la mu 1735 lokhudza za ufiti linali likadalipo, nde zina anangozibisa m'buku la nthano lotchedwa High Magic's Aid mu 1949. Lamulo lija litachotsedwa mu 1951 ndi pomwe anamasuka, nkutulutsa Witchcraft Today mu 1954 kenako The Meaning of Witchcraft mu 1959.

Mawu oyamba a Witchcraft Today analemba ndi Margaret Murray, mayi wophunzira zakale za ku Egypt, yemwe mu 1921 anali atalemba kuti anthu amene ankazengedwa milandu ya ufiti ku Ulaya anali otsatira chipembedzo chakale chobisika. Akatswiri a mbiri atabwerera kukawerenganso mapepala a milandu ija anapeza kuti ganizoli silikuima, mayiyo ankatapa mawu okhawo ogwirizana ndi zomwe amafuna, komanso ankatenga zomwe anthu anavomera pozunzidwa ngati umboni weniweni. Pofika m'ma 1970 akatswiri anali atalitaya ganizoli, koma mabuku a Wicca anapitirizabe kukoperana nkhani yomweyo. Ndi mmenemonso mukapeze nambala ija yoti anthu 9 miliyoni anaphedwa pa milandu ya ufiti ku Ulaya. Akatswiri lero amati anali pakati pa 40,000 ndi 60,000, zomwe ndi zoopsa kale popanda kuwonjezera, ndipo ambiri anali Akhristu wamba amene anansi awo anangowaloza chala.

Nde buku loyamba lomwe ine ndingakupatseni si la miyambo ayi, ndi la mbiri. The Triumph of the Moon la Ronald Hutton, pulofesa wa mbiri pa yunivesite ya Bristol, linatuluka mu 1999 ndipo analikonzanso mu 2019, ngati mungapeze lokonzedwansolo bola limenelo. Ndi lalikulu, zilembo zing'onozing'ono, sindikunamizani kuti mukalimaliza pa wikendi imodzi. Theka loyamba amalondola komwe zidutswa za Wicca zinachokera, ndakatulo za m'ma 1800 zotamanda chilengedwe ndi milungu ya Agiriki, miyambo ya ma Freemason yolowetsera anthu m'magawo atatu, magulu a zamatsenga ngati Golden Dawn, zolemba za wamatsenga wotchuka wa ku England Aleister Crowley, ndi asing'anga a m'midzi ya ku England komweko. Theka lachiwiri ndi pomwe akuyamba za Gardner ndi omutsatira. Mukaona kuti theka loyambalo likukugonetsani, dumphirani kwachiwiri mudzabwerera pambuyo, palibe akulembeni mayeso. Chomwe ndimalikondera bukuli nchoti bamboyu sanyoza, amangosonyeza kuti chipembedzochi chinaumbidwa m'zaka za m'ma 1900 ndipo kwa iye zimenezo sizichichepetsa, mpaka amachitcha chipembedzo chokhacho chomwe England anapereka ku dziko lapansi. A Wicca ena anakwiya nalo litangotuluka, ena mpaka lero amatsutsa mfundo zina, koma ambiri analilandira. Limeneli musagule, bwerekani ku laibulale.

Tsopano za kukangana kwina kuja, koti gulu kapena wekha. Onse awiri akunena zoona, kungoti akunena zinthu ziwiri zosiyana zomwe zikugwiritsa dzina limodzi.

Wicca ya Gardner, yomwe amati Gardnerian, ndi ina yofanana nayo ya Alex Sanders ndi mkazi wake Maxine ya m'ma 1960 yomwe amati Alexandrian, munthu salowa ndi kuwerenga. Umapeza kagulu kotchedwa coven, mwa mwambo wawo sikapitirira anthu 13, amakuyang'anitsitsa kwa nthawi, ambiri amati chaka ndi tsiku limodzi, kenako amakulowetsa ndi mwambo nkulumbira kuti zina sudzaulula. Pali magawo atatu okwera, ndipo aliyense amadziwa amene anamulowetsa, nayenso amene anamulowetsa, mpaka kukafika kwa Gardner kapena Sanders. Ngati njira imeneyi ndi yomwe ikukukokani, buku lothandiza ndi Traditional Wicca: A Seeker's Guide la Thorn Mooney la mu 2018. Silikuphunzitsani mwambo uliwonse, limangokuuzani mmene magulu amenewa amayendera, mmene mungalembere kalata yopempha kukumana nawo osadzichititsa manyazi, zomwe mungafunse, ndi zizindikiro zoti apa thawanipo. Palinso la Vivianne Crowley la mu 1989, Wicca: The Old Religion in the New Age, mayiyu ndi katswiri wa zamaganizo ndipo amafotokoza zomwe miyambo imachita mkati mwa munthu potsatira maganizo a Carl Jung, katswiri wina wotchuka wa zamaganizo. Si m'bale wake wa Aleister Crowley uja, anthu amasokoneza.

Njira inayo ndi ya munthu payekha, ndipo amene anaitsegulira khomo kwambiri ndi Scott Cunningham wa ku America ndi buku lake la mu 1988, Wicca: A Guide for the Solitary Practitioner. Ndi lalifupi, Chingerezi chake nchosavuta, ndipo limanena mosabisa kuti simufunika chilolezo cha munthu kuti mupembedze mulungu wamkazi ndi mulungu wamwamuna amene a Wicca amapembedza. Limafotokoza kakonzedwe ka guwa, kulemba malo ozungulira ochitiramo mwambo, zipangizo monga mpeni, chikho ndi makandulo, miyambo ya mwezi ukakhala wathunthu, ndi zikondwerero zisanu ndi zitatu za pachaka. Anthu ambirimbiri analowera pa buku limeneli, mwinatu ndi mnzanu wakuntchitoyo, mufunseni. Vuto lake kwa ine nloti zonse amazipanga zofewa ndi zokoma, ngati tiyi wothira shuga wambiri, pomwe Wicca ya m'magulu ija ili ndi mbali zolemera zokhudza imfa, malumbiro ndi kudzipereka zomwe iye sanazikhudze kwenikweni. Komabe poyambira ndi labwino, ndipo Cunningham sanadzitame kuti akuulula zinsinsi za wina aliyense.

Koma mukandifunsa amene ndimamukonda pa onsewa, ndi Doreen Valiente. Gardner anamulowetsa mu 1953 ndipo sipanatenge nthawi mayiyu anazindikira kuti mawu ambiri a m'buku la miyambo lomwe ankati ndi lakalekale anali okopera kwa Aleister Crowley. Sanangoti zii, anamufunsa mwiniwakeyo, kenako anakhala pansi nkulembanso zambiri mwa ndakatulo zake, kuphatikizapo mawu otchuka aja omwe amati Charge of the Goddess, omwe magulu ambiri amawanenabe lero. Mu 1957 anasiyana ndi Gardner chifukwa bamboyo ankakonda kwambiri atolankhani, ndipo nkhani zonsezi anazilemba yekha mu The Rebirth of Witchcraft mu 1989, momasuka, mwanthabwala pena, osabisa zofooka za anthu amene ankawadziwa. Mukawerenga limeneli pambali pa la Hutton mumamva nkhani imodzi kuchokera kwa wofufuza komanso kwa munthu amene analipo m'chipindamo, ndipo pomwe awiriwa akusiyana ndi pomwe pali pokoma. Lake lina la mu 1978, Witchcraft for Tomorrow, lili ndi mwambo wodzilowetsa wekha, zaka khumi Cunningham asanalembe lake. Anamwalira mu 1999, ndipo mu 2013 pa nyumba yomwe ankakhala ku Brighton anaikapo chikwangwani cha buluu chomukumbukira, poti muli ku England konko mutha kukachiona.

Enawa ndingodutsamo. Janet ndi Stewart Farrar analemba Eight Sabbats for Witches mu 1981 ndi The Witches' Way mu 1984, omwe pano amagulitsidwa pamodzi pa dzina loti A Witches' Bible, muli miyambo yathunthu ya m'gulu koma kwa woyamba kumene ndi katundu wolemera, sungani chaka chamawa. Buckland's Complete Book of Witchcraft la mu 1986 analikonza ngati la kusukulu, mafunso kumapeto kwa phunziro lililonse, ena amalikonda chifukwa cha zimenezo koma mbiri yake ndi ya Murray yomwe ija nde chaputala choyambacho muwerenge diso limodzi lili kwa Hutton. Mu 1979 ku America kunatuluka awiri, The Spiral Dance la Starhawk lomwe limalumikiza kupembedza mulungu wamkazi ndi ufulu wa amayi komanso kuteteza chilengedwe, lolembedwa mokoma zedi ngakhale mbiri yake nayo ndi yakale ija, ndi Drawing Down the Moon la mtolankhani wa pa wayilesi Margot Adler amene anayendayenda kufunsa magulu osiyanasiyana zomwe amakhulupirira. La Adler ndi labwino kwa munthu amene akungofuna kumvetsa osati kulowa. Nanga a Gardner eniakewo? Werengani pambuyo. Amalumphalumpha, amasakaniza zoona ndi zongoganiza, ndipo mukayambira pamenepo simudziwa kuti ichi nchiti ichi nchiti.

Ngati ndalama zanu zikukwana mabuku awiri okha ine ndikanatere, limodzi la Valiente la mu 1989 lija, linalo Cunningham ngati mukufuna kuyesa nokha kapena Mooney ngati mtima uli ku gulu. Hutton wa ku laibulale. Ndipo gulani kope wamba muzilembamo zomwe mwawerenga, pomwe mwagwirizana nazo ndi pomwe mwakayika, a Wicca eniake amakonda munthu wobwera ndi mafunso kuposa wobwera ataloweza.

Zoti muzipewe ndi timabuku tija ta zikuto zonyezimira tolonjeza kuti mwamuna abwerera m'masiku atatu kapena ndalama zigwa ngati mwayatsa kandulo yobiriwira, ndi tina tambirimbiri totchipa ta pa intaneti tomwe wolemba wake simungamupeze kulikonse, alibe mbiri, alibe gulu, sakunena komwe watenga zomwe akunenazo. Komanso mabuku ambiri a mtundu umenewu amakhala ndi mndandanda wa zitsamba, chonde musamwe kapena kufukiza chomera chifukwa choti buku la miyambo latero, zina mwa zomwe zimatchulidwa m'nkhani zakale za afiti a ku Ulaya monga belladonna ndi henbane ndi poizoni weniweni.

Azakhali, munthu wina pa Facebook akuti ndi wansembe wamkulu wa Gardnerian, akuti ndikamutumizira ndalama anditumizira Book of Shadows yeniyeni, buku lawo la miyambo, ndipo andilowetsa kudzera pa vidiyo. Akutinso ndimutumizire zithunzi ndili wosavala chifukwa ndi mwambo wawo. Ndili ndi zaka 19. Ndi zoona zimenezi? — Wokayika, Dublin

Ayi mwana wanga, ameneyo mublokeni lero lomwe, ndipo ngati mwatumiza kale chilichonse sungani mauthenga onse mukanene ku polisi, musachite manyazi, wolakwa ndi iyeyo.

A Gardnerian enieni salipiritsa munthu pomulowetsa kapena pomuphunzitsa, limeneli ndi limodzi mwa malamulo omwe amawagwiritsitsa, mwina mungasonkherane ya makandulo ndi zakumwa basi. Salowetsa munthu pa vidiyo, mwambowo umafuna anthu akhale pamodzi malo amodzi, ndipo pasanafike pamenepo mumakhala mutakumana kambirimbiri, koyamba pamalo a anthu ambiri ngati mu kafe, masana. Book of Shadows sagulitsa, mwa mwambo wawo wolowetsedwa amakopera pamanja kuchokera kwa amene wamulowetsa. Zidutswa zake zinasindikizidwa kale m'mabuku ndipo zili mbwee pa intaneti, nde amene akukugulitsani akukugulitsani chinthu chaulere, komanso eniake amati mawu okhawo popanda kuphunzitsidwa pakamwa sakufikitsani patali.

Za kusavalazo nzoona kuti magulu ambiri a Gardnerian amachita miyambo yawo osavala, Gardner mwiniwake anali wokonda zokhala maliseche m'makalabu a zimenezo asanayambe nkomwe za Wicca. Koma gulu lolongosoka limakuuziranitu poyera, limalandira akuluakulu okhaokha a zaka 18 kupita m'mwamba, ena amafuna wokulirapo kuposa pamenepo, ndipo palibe limene limapempha zithunzi. Aliyense wokuuzani kuti kugona naye ndi khomo lolowera, kapena kuti musauze abale anu komwe mukupita, ameneyo ndi chilombo chabe chobisala m'chipembedzo. Muli ndi ufulu womufunsa munthu kuti anamulowetsa ndani nkukatsimikiza kwa ena a mwambo womwewo, iwo amadziwana ndipo kufunsa koteroko amakuyembekezera. Buku la Mooney ndatchula pamwambali lili ndi zambiri pa nkhani imeneyi, liwerengeni musanalembere gulu lililonse.

Azakhali, mabuku onse akuti Yule ndi chikondwerero cha pakati pa nyengo yozizira pa 21 Disembala, koma kuno nthawi imeneyo kumatentha koopsa. Nditani? — Wowerenga, Johannesburg

Mabukuwo analembedwa ndi anthu a kumpoto kwa dziko lapansi ndipo ambiri sanaganizeko za inu. Kalendala ya Wicca imatsatira dzuwa ndi nyengo za pomwe munthu ali, nde a kumwera monga ku South Africa, Australia ndi New Zealand ambiri amangoitembenuza ndi miyezi isanu ndi umodzi. Yule imabwera cha pa 21 Juni, Samhain yomwe kumpoto ndi pa 31 Okutobala inu ikhala kumapeto kwa Epulo, Beltane ya pa 1 Meyi ipita kumapeto kwa Okutobala. Ambiri amatembenuzanso mbali yozungulirira pa mwambo, chifukwa kumwera dzuwa limadutsa chakumpoto. Musaope kuti mukuswa chinthu chakalekale, zikondwerero zisanu ndi zitatuzi monga gulu limodzi zinasonkhanitsidwa m'ma 1950, palibe mtundu wakale umene unkasunga zonsezo, ndipo dzina loti Mabon la chikondwerero cha mu Seputembala analipereka ndi Aidan Kelly wa ku America m'ma 1970. Mukafuna kudziwa chikondwerero chilichonse komwe chinachokera, Hutton yemwe uja ali ndi lina la mu 1996, The Stations of the Sun, koma dziwani kuti limanena za ku Britain kokha.

Azakhali, ndapeza mabuku a Wicca m'chipinda mwa mchemwali wanga wamng'ono, pachikuto pali nyenyezi ya nsonga zisanu. Ine ndine wopemphera ndipo ndili ndi mantha. Kodi ayamba zausatana? — Mkulu wake, Boston

Achemwali, khazikani mtima pansi kaye. M'chikhulupiriro cha Wicca mulibe Satana, samukhulupirira kuti aliko nkomwe. Amapembedza mulungu wamkazi amene amamugwirizanitsa ndi mwezi ndi nthaka, ndi mulungu wamwamuna wa nyanga amene chithunzi chake anachitenga kwa milungu yakale ngati Cernunnos wa Aselote ndi Pan wa Agiriki, nyangazo ndi zomwe zimaopsa anthu ambiri. Nyenyeziyo kwa iwo imaimira nthaka, mpweya, moto, madzi ndi mzimu, ndipo kuyambira mu 2007 boma la America limalola kuti ijambulidwe pa manda a asilikali a chipembedzochi. Langizo lawo lalikulu limati chita chomwe ukufuna bola usapweteke aliyense, ndipo ambiri amakhulupirira kuti chomwe wachitira mnzako chimakubwerera katatu. Si gulu lalikulu, pa kalembera wa mu 2021 ku England ndi Wales anthu pafupifupi 13,000 ndi amene analemba kuti ndi a Wicca.

Sindikunamizani kuti zimagwirizana ndi Chikhristu, sizigwirizana, ndi chipembedzo china ndipo mipingo yambiri imachikana, nde ngati zikukupwetekani mumtima ndikumvetsa. Koma musawotche mabukuwo kapena kumuitanira anthu mwadzidzidzi, mukatero angophunzira kubisa bwino. Simunanene zaka zake, ngati sanafike 18 chofunika kuyang'anitsitsa si mabukuwo koma amene akulankhula naye pa foni, onani yankho ndapereka kwa mnzathu wa ku Dublin. Bwerekani la Margot Adler ku laibulale muwerengeko machaputala awiri atatu, kenako mumufunse mwiniwakeyo kuti chamukoka nchiyani, mwina mupeza kuti ndi za chilengedwe, mwina ndi zoti mulungu angakhale wamkazi, mwinanso wangotengera anzake ndipo pofika Khirisimasi adzakhala atayamba zina.